Mmene mungaphunzitsire ana mbiri ya Helike, mzinda wa ku Greece omwe unamira usiku umodzi

Chidutsireni namondwe wa Freddy mu March 2023, ana amene amabwera kwathu ku Chinamwali Loweruka masana kudzawerenga pakhonde akhala akundifunsa funso limodzi mobwerezabwereza, amati ankolo, kodi tauni yonse yathunthu ikhoza kusowa osaonekanso? Poyamba ndinkangowatonthoza kuti ayi musaope, koma mwana ukamunamiza amadziwa, ena mwa iwo ali ndi abale ku Phalombe ndi ku Mulanje komwe matope anakwirira nyumba, nde ndinaona kuti bola ndiwapatse nkhani yeniyeni ya mzinda umene unasowadi, anthu nkuufunafuna kwa nthawi yaitali mpaka kuupeza. Mzindawo ndi Helike. Ndaiphunzitsa nkhaniyi kangapo tsopano ndipo ndikufuna ndikuuzeni mmene ndimachitira, kaya ndinu aphunzitsi, kaya kholo, kaya mumangokonda mbiri yakale, mutha kutengapo zokuthandizani.

Zofunika sizambiri. Foni yokhala ndi kabandulo pang'ono, kope ndi bolopeni, beseni, mchenga wa kumtsinje, madzi ndi kachidutswa ka njerwa. Basi.

Muyambe ndi malo, musayambe ndi chaka. Ana mukawayamba ndi zaka amayamba kuyasamula. Tsegulani Google Maps pafoni mulembe Aigio, Greece, kenako musinthe kuti muone chithunzi cha satelaiti. Muona tauni ili mmbali mwa nyanja yopapatiza yotchedwa Gulf of Corinth, kumpoto kwa chigawo cha Peloponnese, dera lake amati Achaea. Sunthani chala pang'ono chakummawa kwa Aigio, muona chigwa chobiriwira chodzaza minda, kumbuyo kwake mapiri aatali, ndipo mitsinje ikutsika mmapirimo kukathira mnyanja, wina ndi Selinous wina ndi Kerynites. Pakati pa mitsinje iwiriyi ndi pomwe panali Helike. Mukakulitsa chithunzicho mupeza mudzi wotchedwa Rizomylos, dzinali anawo alilembe mu kope chifukwa libweranso kumapeto.

Apa ine ndimawauza anawo kuti aimirire atembenuke ayang'ane phiri la Zomba. Phiri kumbuyo, Mulunguzi ndi Likangala akutsika, kumunsi chigwa mpaka kukafika ku Chilwa. Ndimawafunsa kuti dothi limene mitsinje imakokolola kuphiri nthawi ya dzinja limakathera kuti? Amayankha okha kuti kuchigwa. Yankho limeneli alisunge, ndi limene lidzamasule nkhani yonse. Komanso muwauze kuti nyanja ya Corinth ija inapangika chifukwa nthaka ikung'ambika pang'onopang'ono, chimodzimodzi ndi chigwa chomwe muli nyanja ya Malawi, nchifukwa chake kumeneko zivomezi sizachilendo, ngati mmene ife tinaonera ku Salima mu 1989 ndi ku Karonga mu December 2009.

Mukatha malo, apatseni mzinda wamoyo kaye musanauphe. Ili ndimaliona lofunika kwambiri, chifukwa anthu ambiri akamakamba za Helike amathamangira ku usiku wa ngozi ngati kuti anthuwo anabadwira kumira. Helike unali mzinda wolemekezeka, ndi umene unkatsogolera mgwirizano wa mizinda 12 ya ku Achaea. Homer, mlakatuli wakale wa ku Greece, anautchula mu ndakatulo yake yaitali ya Iliad pa mndandanda wa madera omwe anatumiza zombo ku nkhondo ya ku Troy pansi pa mfumu Agamemnon. Anthu ochokera ku Helike anawoloka nyanja kukakhazikitsa mzinda wa Sybaris kummwera kwa Italy cha mma 720 BC. Anali ndi ndalama zawozawo zachitsulo, mbali ina nkhope ya Poseidon mbali ina mkondo wake wa mano atatu. Ndipo chomwe chinkautchukitsa kwambiri chinali kachisi wa Poseidon ameneyu, mulungu amene Agiriki ankati ndi mwini nyanja komanso ndi amene amagwedeza dziko. Anthu ankachokera kutali kudzapembedza kumeneko.

Nkhani ya BC imasokoneza ana ambiri nde musaidumphe. Ine ndimajambula mzere pansi ndi kamtengo, pakati ndiika mwala kuti apa ndi pomwe Yesu anabadwa, kumanja zaka zikukwera mpaka lero, kumanzere zikuwerengedwa chobwerera mmbuyo. Mwana mmodzi aime pa 720 BC, wina pa 373 BC, wina pa 2001. Akaona ndi maso kuti wa 373 ali pafupi ndi mwala kuposa wa 720, zatheka, simubwerezanso.

Tsopano usiku uja. Inali nyengo yozizira ya chaka cha 373 BC, zaka ziwiri isanachitike nkhondo ya ku Leuctra ya mu 371 BC. Usiku anthu ali mtulo kunachita chivomezi chachikulu, nyumba zinagwa, nthaka yomwe mzinda unakhalapo inatsika, kenako madzi a mnyanja anabwera nkuphimba zonse. Strabo, mlembi wakale wachigiriki, analemba kuti mzindawu unali pa mtunda wa masitadiya 12 kuchokera kugombe, ndiye kuti pafupifupi makilomita awiri, ndipo dera lonselo pakati pa mzinda ndi nyanja linamira. Mzinda wina woyandikana nawo wotchedwa Boura, umene unali chakumtunda, unagumukanso ndi chivomezi chomwecho. Zombo 10 za ku Sparta, mzinda wina wa ku Greece, zomwe zinakocheza pafupi zinapita nazo limodzi. Anthu a mizinda ina ya ku Achaea anatumiza amuna 2,000 kuti akavuule mitembo, koma analephera. Pamenepa ine ndimaima kaye, sindithamanga, chifukwa ife a kuno tikudziwa tanthauzo la kukumba matope ndi makasu kufunafuna mbale wako osamupeza, maliro opanda thupi. Ana ena amakhala chete nthawi yaitali, asiyeni akhale chete, musawafulumize. Malo a Helike omwe anatsala anagawidwa kwa oyandikana nawo, ndipo Aigion, yomwe ndi Aigio ya lero ija, ndi imene inatenga udindo wake.

Gawo lotsatira ndi limene ine ndimalikonda kuposa onse, kufunsa kuti tikudziwa bwanji zimenezi, anatiuza ndani? Lembani mayina a olemba akale pa timapepala, mwana aliyense atenge kamodzi, kenako aime pa mzere uja malinga ndi nthawi yomwe munthuyo anakhala ndi moyo. Heraclides wa ku Pontus analipo nthawi ya ngoziyo, ndipo mawu ake anatifika kudzera mwa Strabo. Aristotle anabadwa mu 384 BC, ndiye kuti anali mnyamata wa zaka 11, ndipo atakula analemba za nyenyezi yaikulu ya mchira yomwe inaoneka nthawi ya chivomezi cha ku Achaea. Eratosthenes, uja ankayang'anira laibulale ya ku Alexandria, anakafika pamalopo patapita zaka pafupifupi 150. Diodorus ndi Strabo analemba patadutsa zaka zoposa 300. Pausanias anayendera derali patapita zaka zoposa 500, ndipo Aelian anabwera pambuyo pakenso. Anawo akaima chonchi amadzionera okha kuti ena akukamba zomwe zinachitika mmasiku awo pomwe ena akukamba zomwe anawerenga kapena kumva, ngati kusiyana kwa agogo amene anaona Napolo wa mu December 1946 kuno ku Zomba ndi mdzukulu amene anangomva pamoto madzulo. Onse awiri ndi ofunika kuwamvera koma mafunso owafunsa amasiyana.

Aelian ndi amene analemba nkhani ija ana amaikonda, yoti kutatsala masiku asanu ngozi isanachitike, makoswe, njoka ndi tizilombo tina tokwawa tinatuluka mumzinda nkumayenda mu msewu wopita ku Keryneia, anthu akungodabwa osadziwa tanthauzo lake. Ikambeni ndithu, ndi yokoma, koma mukatha mufunse mwana amene wagwira pepala la Aelian kuti waima patali bwanji ndi 373 BC. Akayang'ana mtundawo amamvetsa yekha kuti nkhani imeneyi inadutsa mmakamwa ambiri isanalembedwe.

Kenako tsegulani kope mujambule mzere pakati pa tsamba. Kumanzere alembe zomwe zinachitika, kumanja alembe chifukwa chomwe anthu anapereka. Agiriki ambiri ankati Poseidon anakwiya. Nkhani yake inali yoti anthu a ku Ionia, tsidya lina la nyanja komwe lero ndi Turkey, anatumiza nthumwi kudzapempha chiboliboli cha Poseidon kapena chifanizo cha kachisi wake kuti akamange wawo, a ku Helike anakana, olemba ena amati mpaka anawachita nkhanza nthumwizo, nde nyengo yozizira yotsatira mzinda unamira. Chonde apa musalole ana kuseka Agiriki aja, ndipo inunso musaseke. Makolo athu ataona madzi, miyala ndi mitengo zikutsika phiri ndi mkokomo woopsa anati Napolo wadutsa, akuchoka kuphiri kupita kunyanja, ndipo mmawu amenewo munali nzeru yeniyeni yoti pali njira zomwe madzi amadutsa ndipo pamenepo sipomanga nyumba. Munthu akakumana ndi chinthu chomuposa mphamvu amafuna dzina loti achitchule. Ntchito ya mwana wophunzira mbiri ndi kulemba zonse ziwiri, chilichonse mbali yake ya tsamba.

Tsopano tulutsani beseni lija. Thirani mchenga mpaka kupitirira theka, mchenga wosalala wa kumtsinje ndi umene umachita bwino, wa miyalamiyala umavuta. Thirani madzi pang'onopang'ono chammbali mpaka mchenga wonse unyowe koma madzi asaonekere pamwamba, usalazeni ndi dzanja, dikirani kamphindi, kenako imikani kachidutswa ka njerwa pamwamba, muwauze kuti iyi ndi nyumba ya ku Helike. Mwana agwire ndi chala aone kuti pansi ndi polimba. Ndiye yambani kumenya mbali ya beseni ndi chikhatho mofulumira osaleka, kapena kuligwedeza patebulo. Muona pamwamba pakuyamba kunyezimira, madzi akutuluka okha, mchenga wasanduka phala, njerwa ija ikupendekeka nkumalowa pansi. Mukasiya kugwedeza mchenga ulimbanso njerwa itatsekeredwa mkati. Zikakanika koyamba ndiye kuti madzi achepa, onjezani pang'ono muyesenso, ine ulendo woyamba ndinathira ochepa ndipo njerwa inangogwa chammbali. Zimenezi ndi zomwe zimachitika pa nthaka ya mchenga ndi matope yodzaza madzi chivomezi chikafika, ndipo Helike inamangidwa pa nthaka ya mtundu umenewu, dothi lomwe mitsinje inatuta kumapiri. Muwauzenso kuti dera lomwelo linagwedezekanso pa 26 December 1861 ndipo kachigawo ka gombe kanatsika kulowa mmadzi anthu akuona, katswiri wina dzina lake Julius Schmidt anakayendera nkulemba za ming'alu ndi timilu ta mchenga tomwe tinatumphuka pansi. Mu June 1995 chivomezi china chinagwetsanso nyumba ku Aigio.

Apa nkhani imafika pokoma penipeni, ndipo ine ndimaisunga mpaka ana atasamba mmanja nkukhalanso pansi. Eratosthenes atafika kumalo kuja anacheza ndi anthu owolotsa anzawo pa mabwato, iwo anamuuza kuti mmadzimo mwaima chiboliboli chamkuwa cha Poseidon ndipo chimakola maukonde a asodzi. Pausanias naye, zaka mazana angapo pambuyo pake, analemba kuti mabwinja ankaonekabe pansi pa madzi ngakhale anali atadyeka ndi mchere. Kenako zii, mzinda unasowa, palibenso amene ankatha kuloza kuti unali apa. Anthu ofufuza zakale a masiku ano atawerenga mawu amenewa anati basi, mzinda uli pansi pa nyanja ya Corinth, nde anayamba kufufuza mnyanjamo, mmodzi mwa amene analimbikira kwambiri anali Spyridon Marinatos, katswiri wotchuka wa ku Greece komweko. Zaka zinapita osapeza kanthu.

Musanawauze mathero, afunseni anawo kuti inuyo mukanafufuza kuti? Akumbutseni funso la poyamba lija la dothi lochokera kuphiri. Nthawi zambiri pamapezeka mwana mmodzi amene maso amawala nkunena kuti ankolo, mwina madzi aja anadzaza matope. Ameneyo wafika pomwe akatswiri anafika patatha zaka zambiri.

Mu 1988 mayi wina wa ku Greece wofukula zakale, Dora Katsonopoulou, pamodzi ndi Steven Soter, wasayansi wa ku America, anayambitsa ntchito yotchedwa Helike Project. Nawonso anayamba ndi mnyanja pogwiritsa ntchito makina a sonar, ounikira pansi pa madzi ndi phokoso, osapeza mzinda. Koma mayiwa anabwereranso ku mawu a Strabo nkuyang'anitsitsa liwu limodzi lachigiriki, poros, lomwe Eratosthenes anagwiritsa ntchito ponena malo omwe chiboliboli chinaima. Ambiri ankalimasulira kuti ndi nyanja ya Corinth yeniyeniyo. Iwo anati ayi, likhoza kutanthauza kanjira kopapatiza ka madzi, thamanda lalikulu lomwe linapangika kumtunda nthaka itatsika, lomwe anthu ankawoloka ndi mabwato. Ndipo ngati linali thamanda lomwe mitsinje ikuthiramo matope chaka ndi chaka kwa zaka mazanamazana, ndiye kuti linadzaza nkusanduka mtunda, anthu nkuyamba kulimapo. Kuyambira 1991 anayamba kuboola pansi mminda ngati mmene amaboolera mjigo, kutulutsa dothi la pansi nkumaliyang'ana, ndipo ankapezamo timapale ta mbiya. Mu 1995 anafukula nyumba ya nthawi ya Aroma. Mu 2001, pafupi ndi Rizomylos uja ana analemba mu kope, anapeza makoma ogumuka ndi mapale a nthawi ya Helike pafupifupi mamita atatu pansi pa nthaka, ataphimbidwa ndi matope okhala ndi zotsalira za tizamoyo ta mmadzi. Zaka zoposa 2,300 chimirireni. Mmadera omwewo anapezanso mudzi wakale kwambiri wa zaka za pakati pa 2600 ndi 2300 BC, nawonso utakwiririka, komanso nyumba yaikulu yomwe ankanyikiramo nsalu mu utoto, yomangidwa ngozi ija itadutsa kale, kusonyeza kuti anthu anabwerera kudzakhala ndi kugwira ntchito mderalo.

Ine chomwe chimandigwira mtima pa nkhani yonseyi ndi anthu a mabwato aja. Sanalembe buku, mayina awo palibe, koma ananena zoona, ndipo liwu lomwe linasunga mawu awo ndi limene linalozera komwe mzinda uli, linangofuna munthu woti alimve bwino. Kwa ife a ku Zomba izi sizovuta kuzimvetsa, Chilwa timaidziwa, inauma mu 1995, inaphweranso kwambiri mu 2018, malo omwe chaka china anthu amapalasa bwato kuchoka pa Kachulu kupita ku Chisi chaka china amayendapo ndi njinga. Msodzi wa kumeneko akakuuzani kuti apa panali madzi, kapena apa panali mudzi, mawu ake ndi umboni woyenera kulembedwa mmene wawanenera.

Ana ena amafunsa za Atlantis, chilumba cha mu nthano chomwe amati chinamira mnyanja, chifukwa anaonera pa TV. Yankho lachidule ndi loti Plato, munthu wanzeru wa ku Greece, analemba nkhani ya Atlantis patangopita zaka zochepa Helike itamira, ndipo akatswiri ena amaganiza kuti ngoziyi inali mmaganizo mwake, koma Helike ndi mzinda weniweni wokhala ndi makoma omwe anthu awagwira ndi manja. Musatayepo nthawi yambiri.

Chomaliza chomwe ndimachita ndi kuwapatsa ntchito yakunyumba, ndipo si yolemba za Greece ayi. Aliyense apeze munthu wamkulu mmodzi, agogo ake kapena oyandikana nawo, apite ndi kope, apereke moni mwaulemu, akhale pansi, apemphe kuti agogo tandiuzeni za madzi aakulu omwe munawaonapo kapena omwe makolo anu anakuuzani. Ndimawatsindika zinthu zingapo. Alembe mawu enieni a agogowo mu Chichewa kapena Chiyao kapena Chilomwe mmene atulukira, asawakonze kuti amveke bwino, asawasinthe kupita mu Chingerezi, chifukwa mwaona kale zomwe liwu limodzi lomasuliridwa mosiyana linachita ku Helike. Akamva liwu lomwe sakulidziwa afunse tanthauzo lake pomwepo nkulemba. Afunse kuti munaona nokha kapena munamva kwa ndani. Afunse dzina la malo, ndipo ngati agogowo angathe kuyenda akawalozere, mwanayo ajambule kamapu kosonyeza mtsinje, mtengo waukulu kapena mwala omwe uli pafupi. Chaka akachiiwala asawakakamize, afunse kuti munali msinkhu wanji, munali mutakwatiwa kale, likulu la dziko linali lidakali kuno ku Zomba kapena linali litasamukira ku Lilongwe mu 1975, chaka chimapezeka chokha. Ngati nkhaniyo ikuwapweteka agogowo mpaka kulephera kupitiriza, mwana atseke kope athokoze, adzabweranso tsiku lina.

Amene muli ndi ana a sekondale mutha kupitiriza powatengera ku National Archives konkuno ku Zomba kuti akafunse zolembedwa zakale za madzi osefukira a 1946 nkuyerekeza ndi zomwe agogo anena, muyambe mwapita nokha kukafunsa ndondomeko yake musanatenge gulu. Loweruka lotsatira aliyense amawerenga zomwe wabweretsa, ndipo timaikanso timapepala pa mzere uja pansi, woona ndi maso pafupi ndi chaka chake, womva kwa ena chapatali pang'ono. Ife kope lathu la pakhonde lili ndi nkhani zingapo tsopano, ndipo mvula ikasiya tikufuna tikwere minibasi tipite ku Kachulu tikacheze ndi a mabwato.